Chithunzi cha m'Tiyirumu ya Achemwali Hana

Achemwali anga a Hana ndi ine tinabadwa bere limodzi, koma mitima tinatenga yosiyana. Ine ndine wapamwambamwamba mtima, ndipo zaka makumi atatu zimene ndinaphunzitsa ana a sitandade 2 sizinandichiritse. Iwo anali munthu woti utawathira tiyi wotentha paphazi, amayamba kukufunsa ngati sunapse dzanja. Anthu a kwathu ku Malindi amawakumbukira ngati mayi wa tiyi wamkaka ndi masikono ofewa, basi. Ine ndikulemba chifukwa ndikudziwa kuti zaka zisanu ndi zitatu za moyo wawo, zaka zomwe akanatha kuberekamo ana, zinathera pa chithunzi chimodzi cha pakhoma.

Anakwatiwa mu 1968 ndi a Maurice a ku Nkhudzi, tsidya lina la nyanja, amene anabwera kwathu kudzakoka ukonde wa chilimira n'kukhaliratu. Ukwati unali wa m'tchalitchi, wa mphete. Alamu angawa anali aulemu, osamwa, odziwa kusoka ukonde, koma pakamwa panali polemera. Nkhani yovuta sankainena; ankaizungulira mpaka mwini wake uizindikire wekha. Mwana wawo woyamba anamwalira ndi chikuku asanayambe kuyenda, ndipo wachiwiri sanabwere msanga. Mu 1972 alamuwo analembetsa za ku migodi ku Joni, ati akapeze ya boti la matabwa, adzaleke kukokera anzawo.

Boma litaimitsa za ku migodi, amuna a m'midzi mwathu anayamba kubwera m'magulumagulu, atasenza mawayilesi, mabulangete ndi masutukesi a malata. Achemwali ankapita pa siteji tsiku lililonse limene lole ya ku boma inkafika. Anabwera onse amene anapita nawo limodzi, kupatula a Maurice. Mmodzi wa anzawo anatiuza, maso ali pansi, kuti munthuyo anachoka pa mugodi n'kulowera kugombe la nyanja yamchere, kukagwira ntchito pa doko la sitima zikuluzikulu. Mawu akuti mtchona anayamba kumveka pa chitsime, ndipo ankaleka kunenedwa ine ndikafika.

Mu 1976 kunabwera phukusi lopyapyala kudzera ku mishoni. M'kati munalibe kalata, munalibe ndalama, munalibenso keyala yoti munthu n'kuyankhira. Munali chithunzi chosindikizidwa pa pepala lolimba, kukula kwake ngati lichero. Chinali cha nsanja yoyera, yaitali, yozungulira, itaima pa miyala yakuda pakati pa madzi. Mafunde obiriwira anali atakwera mpaka pakati pa nsanjayo, thovu lili mbee, kumwamba kuli bii. Pansonga pa nsanja panali nyali yowala mbali ziwiri, ndipo pakona, patali, panali kasitima kopendekeka. Kumbuyo kwake alamu analembako ndi pensulo mawu ochepa: Hana, ndine Maurice. Uone chithunzichi.

Anachionadi. Anachiyang'ana masiku atatu, kenako anandiitana n'kundiuza kuti amva zimene amuna awo akunena.

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa mmene timachitira kuno. Mphepo ya mwera ikawapeza asodzi ali pakati pa nyanja, gombe osaoneka, akazi amatuta mapesi, bango louma ndi nkhuni n'kusonkha chimoto pamchenga. Sasonkha paliponse ayi. Amasankha pamene palibe miyala, pamene bwato lingakocheze osasweka. Msodzi akauona motowo amalozetsa mphuno ya bwato pomwepo osafunsa munthu. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, kuwala kwa pagombe kumatanthauza chinthu chimodzi chokha, kuti bwera kuno, pano ndi pabwino. Tonse tinakula tikudziwa zimenezi, ndipo panalibe amene anaganizapo kuti kwina kungakhale kosiyana.

Tsono achemwali anawerenga motere: mafundewo ndi mavuto amene amuna awo akumana nawo kuchilendo, kasitimako ndi iwowo a Maurice, ndipo nyaliyo ndi mkazi wawo. Uthenga wonse unali wakuti asazimitse moto, munthu ali m'njira. Ndinawafunsa za miyala yakudayo, chifukwa moto sitisonkha pa miyala. Anandiyankha modekha kuti mwina dziko limenelo lilibe mchenga.

Anapita nacho ku boma kukachiikitsa m'galasi. Nthawi imeneyo n'kuti atatsegula katiyirumu pafupi ndi doko lathu, ndi phindu la usipa umene ankayanika pa thandala n'kumagulitsa kwa a malonda a ku Namwera. Chithunzicho anachikhoma m'menemo, ndipo panja anazika mlongoti wansungwi. Tsiku lililonse akamatseka ankakolekapo nyali ya galasi yoyaka. Ankachita izi mwera kapena bata, ndipo ngakhale zaka zija palafini ankasowa m'masitolo, nyali ya pa mlongoti sinasowe palafini. Imene inkasowa ndi ya m'nyumba mwawo. Ndinkawaseka kuti munthu wochokera ku Joni amabwera pa basi, sabwera pa bwato. Ankaseka nane, n'kunena kuti akudziwa, koma anapemphedwa moto, ndiye moto womwewo apereka.

Chithunzicho chinasanduka nkhani ya pa tiyi. Aliyense wolowa anali ndi maphunziro ake. A Gordon, akatekisiti athu, anati palibe chovuta apa, nsanjayo ndi Mpingo ndipo nyaliyo ndi Ambuye, mpaka anachibwereka Lamulungu lina kukalalikira nacho. A Atumani, ogula nsomba a ku boma, ankati ameneyo ndi mnara, nsanja ya mzikiti, ndipo umboni wake ndi kakhonde kozungulira pamwamba, poimapo woitanira swala. Awiriwa ankatsutsana mwamtendere pafupifupi sabata iliyonse, wina akuthirira mnzake shuga. Asodzi analibe nazo ntchito za nsanja. Iwo ankakangana za mafunde, ena akuti wojambulayo anawonjeza bodza, madzi sangaime chotero, ena akuti simunaione mphepo ya mpoto ya mu Januwale inu.

Amene anatiopsa ndi a Yasini, apampando a nthambi ya chipani. Masiku amenewo dera lathu linali lokayikiridwa kale kuti limabisa zigawenga, ndipo chinthu chosadziwika tanthauzo chinkatha kumutengera munthu kutali. Analowa m'mawa wina ndi anyamata awo, anaima pakati pa tiyirumu, n'kutumiza wina kukathyola bango. Anayeza kuchokera pansi kufika pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, chomwe malo a malonda aliwonse ankayenera kukhala nacho, kenako anayeza cha alamu. Cha alamu chinapezeka chokwera ndi zala zitatu. Achemwali anapepesa, anazula msomali n'kuukhoma m'munsi. Atafunsidwa tanthauzo anafotokoza za amuna awo, koma apampando anapukusa mutu, ati mayi simukuona bwino: nsanjayo ndi chipani, mafundewo ndi zigawenga, ndipo taonani sizikuigwetsa. Tonse tinavomera kuti aona patali. Anamwa makapu awiri n'kutuluka ali okondwa, ndipo kuyambira pamenepo ankabweretsa alendo awo kudzawaonetsa.

Zonsezi achemwali ankazimvera akupukuta makapu. Sankatsutsa munthu, koma sanasunthe pa zawo.

Mu 1979 kunabwera nkhani ya a Jailosi, mmisiri wokhoma maboti, amene akazi awo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Anali bambo wofatsa, wa manja aluso, wonunkhira utuchi ndi phula. Mabenchi onse a m'tiyirumu anakhoma ndi iwo, ndipo chitseko chimene chinalibe vuto anachikonza katatu. Pomaliza anachita zinthu mwa dongosolo, anakaonekera kwa amjomba athu a Jenkins, omwe anali ankhoswe a ukwati wa achemwali. Amjomba anakondwa. Ngakhale abambo a pa mishoni anati munthu akasowa zaka zochuluka chotere popanda mawu, nkhaniyo ikhoza kuonedwa. Panatsala mwini wake yekha.

Ndikudziwa kuti achemwali ankawafuna a Jailosi, chifukwa kapu yawo inali yosiyana ndi za anthu ena, ya maluwa, ndipo sinkakhudzidwa ndi munthu wina. Koma amjomba atabwera kudzamva yankho, anangowalozera pakhoma. Anati mawu alipo, ndi awo ali pakhomawo; munthu amene wakupempha kuti usazimitse moto ukamuzimitsira, akasweka pa miyala mlandu ndi wako.

Tsiku limenelo ndinawalalatira, ndipo sindinyadira zimene ndinanena. Ndinati pepala la m'sitolo ya Mmwenye lisawalamulire moyo, kuti alamu anangotola chithunzi chotchipa pofuna kuziziritsa chikumbumtima chawo, kuti mwina ali ndi mkazi wina ndi ana asanu. Ndinawakumbutsa zaka zawo, makumi atatu ndi zisanu, ndi kamanda kamodzi kaja kuseri kwa tchalitchi. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera, kenako anandipatsa sikono yotentha n'kundiuza kuti ndikachedwa kusukulu.

A Jailosi anadikira zaka ziwiri. Mu 1981 anakwatira a Dorika, mayi wabwino ndithu, amene chaka chotsatira anawaberekera mapasa. Tiyi wa pa ukwatiwo anaphika ndi achemwali, ndipo mapasawo atabadwa anali oyamba kupita ndi nkhuni ndi ufa. Ine ndinakhala mwezi wathunthu osaponda m'tiyirumu, chifukwa ndikachiona chithunzicho ndinkafuna kuchiponya m'nyanja.

Tanthauzo lenileni linatipeza mu Juni 1984, Loweruka m'mawa. Mwera unali utawomba masiku atatu, mabwato onse ali pamtunda, ndipo tiyirumu inali yodzaza ndi asodzi osowa chochita. Ine ndinalipo, ndikuthandiza kutsuka makapu. Kunalowa nkhalamba yachilendo, ya chipewa choyera cha Chisilamu ndi jekete lochindikala la buluu, ikudikira lole ya ku Makanjira. Anati dzina lawo ndi a Sulemani, ndipo akubwerera kwawo atagwira ntchito zaka makumi atatu m'sitima za pa nyanja yamchere, poyamba kusonkhezera malasha, kenako kuphika. Atakhala pansi anakweza maso pakhoma n'kumwetulira ngati aona munthu wa kwawo. Anati nsanja zoterozo azidutsa zambiri, usiku ndi usana.

A Atumani sanachedwe, anafunsa ngati si mnara wa mzikiti. A Sulemani anati ayi, si mzikiti, si tchalitchinso. Ndi nyumba ya nyali yochenjeza sitima. Anafotokoza pang'onopang'ono, akuviika sikono m'tiyi. Anati nsanja imeneyi amaimanga dala pa malo oipitsitsa, pa miyala imene yaswa sitima zambiri, ndipo woyendetsa akaona kuwala kwake amakhotetsa sitima n'kudutsa patali. Asodzi anaseka, wina n'kufunsa kuti ndi anthu otani amene amasonkha moto kuti athamangitse mnzawo ali m'mavuto. Nkhalambayo inati nayonso inadabwa chimodzimodzi ulendo woyamba, chifukwa inakulira pa nyanja yomwe ino. Koma sitima si bwato, siikocheza pamchenga, ndipo kumeneko aliyense wogwira ntchito pa doko amazidziwa zimenezi, ngakhale wosesa.

Kuseka kunatha pang'onopang'ono, chifukwa onse a m'chipindamo, kupatula mlendoyo, ankadziwa za mlongoti uli panja. A Gordon anayamba kuyang'ana m'kapu mwawo. Achemwali anatenga ketulo, anapita pa benchi ya a Sulemani n'kuwawonjezera tiyi.

"Ndiye kuti woiona nyaliyo sabwera, bambo?" anafunsa.

"Akabwera wadzipha yekha, mayi. Nyaliyo imati usayandikire kuno."

"Nanga m'nsanjamo mumakhala munthu?"

"Amakhalamo, woyatsa nyaliyo. Ena amakhala miyezi osaona mnzawo."

"Iyeyo amadziwa kuti sitimazo sizibwera kwa iye?"

"Amadziwa, mayi. Ndiyo ntchito yake."

Achemwali anathokoza n'kubwerera kumoto. Lole itafika a Sulemani anatulutsa ndalama, koma achemwali anakana, ati mlendo wobwerera kwawo salipira. Bamboyo anapita osadziwa chimene wachita, ndipo sitinamuonenso.

Anthu atabalalika ndinapezeka ndikunena zodabwitsa. Ine amene kwa zaka zisanu ndi zitatu ndinkati chithunzicho n'chopanda tanthauzo pofuna kuwadzutsa, tsopano ndinkanena mawu omwewo pofuna kuwatonthoza. Ndinati mwina alamu sanaganize zonsezo, anangochikonda mitundu yake. Zikhoza kukhala zoona, ndipo mpaka lero sindikudziwa. Koma achemwali anapukusa mutu.

"Dinah, alamu ako ndinagona nawo nyumba imodzi zaka zinayi. Kunena kuti sindibweranso sakanatha, ngakhale pa pepala. Anakhala pa doko limenelo zaka ziwiri asanatumize, ndiye ankadziwa. Anandiuza bwinobwino m'chilankhulo cha kumeneko, ine n'kumva m'cha kuno."

Sanalire tsiku limenelo, ndipo sanatukwane munthu. Nyali ija anaipereka kwa amayi a pa doko kuti aziikoleka mwera ukavuta, popeza asodzi anali ataizolowera. Mawa lake titatuluka m'tchalitchi anapita kwa amjomba a Jenkins kukapempha kuti awaperekeze ku Nkhudzi, akasudzulidwe. Ndinawafunsa kuti n'zothandiza chiyani tsopano, ali ndi zaka makumi anayi, a Jailosi ali ndi banja lawo. Anati sakufuna mwamuna, ndipo sanakwatiwenso mpaka imfa yawo. Chimene ankafuna ndi chakuti lole ikaima pa siteji asamatukulenso mutu.

Tinanyamuka atatu patatha sabata ziwiri, amjomba, achemwali ndi ine. Tinakwera lole, tinaoloka Shire n'kufika ku boma, tinakwera basi, n'kumaliza ndi miyendo. Chithunzicho anachikulunga m'chitenje n'kuchifungatira njira yonse, ati ndi katundu wa mwana wa eni ake, abwerere kwawo.

Nkhani ya ankhoswe sinatenge nthawi. Abale a alamu anali ndi manyazi kuposa ife, chifukwa iwo sanalandire ngakhale pepala kuyambira 1975. Anati mayiyu wapirira mokwanira, palibe amene angamuloze chala, ndipo anamumasula pamaso pa mbali zonse ziwiri. Anagwirana chanza, ndipo ukwati wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi unathera pamenepo, nthawi ya chakudya chamasana isanakwane.

Kunatsala kukatsanzika apongozi awo, amayi a a Maurice, omwe sankathanso kuyenda. Tinawapeza pamkeka kuseri kwa nyumba, akuwothera dzuwa, atawonda kwambiri, maso atachita nkhungu. Achemwali anagwada pafupi, anamasula chitenje n'kunena kuti ichi ndi chimene mwana wanu anatumiza. Mayiwo anachigwira ndi manja awiri n'kuchiyandikiza kumaso mpaka mphuno inakhudza galasi. Anachitembenuzira kudzuwa. Chala chawo chinayenda pa mafunde, chinapeza kasitima, chinabwerera, chinakwera nsanja n'kukaima pa nyali.

"Uwu si moto uwu?" anafunsa.

"Ndi moto, amayi."

"Ndiye kuti anamusonkhera moto anthu akumeneko. Mphepo inamupeza, koma anamuonetsa pokocheza." Anapumira m'mwamba, nkhope yonse n'kumasuka. "Zaka zonsezi ndinkati mwana wanga anafera m'madzi a eni, popanda womuunikira. Kani anafika bwino."

Ine pakamwa panali patatseguka kale. Uphunzitsi ndi matenda, munthu ukamva cholakwika umafuna kukonza pomwepo, ndipo mkwiyo wanga pa alamu unali usanathe. Ndisanatulutse liwu, dzanja la achemwali linagwira bondo langa n'kulifinya mwamphamvu imene sindinkadziwa kuti ali nayo.

"Anafika bwino, amayi," anatero achemwali.

Tinawasiya mayiwo atachikumbatira pachifuwa, akuitana adzukulu kuti adzaone kumene kuli amalume awo. M'basi yobwerera achemwali anatsamira mutu paphewa panga n'kugona tulo tofa nato, m'manja mulibe kanthu, ndipo sanadzuke ngakhale pa mabampu a msewu. Amene analira njira yonse mpaka ku boma ndine.